Dzanja la Boma Lilekezere Pati pa Chisamaliro cha Odwala?





Tikamakamba za ulamuliro wabwino, maganizo a ambiri a ife amathamangira ku zisankho, ku katangale ndi ku kayendetsedwe ka chuma cha dziko. Koma pali malo ena pamene ulamuliro umaonekera poyera kuposa pa nsanja ya msonkhano wa ndale. Malowo ndi pambali pa bedi la wodwala. Pamenepo m'pamene pamabuka mafunso awiri amene tifuna kulingalira nanu. Kodi boma lili ndi udindo wotani kwa munthu amene thupi lamufooka, m'thumba mulibe kanthu? Nanga likayamba kukwaniritsa udindowo, dzanja lake liyenera kulekezera pati?

Tasankha kulingalira mafunsowa poyang'ana dziko lakutali la United States of America, kumene agawanitsa mtundu wonse kuyambira m'chaka cha 2009. Ena mwa inu afunsa kuti za anthu olemera zitikhudza bwanji ife. Yankho lathu n'lakuti kumeneko mkanganowu wachitikira poyera, m'Nyumba ya Malamulo ndi m'makhoti, kwa zaka zoposa 15, ndipo Mpingo udapezeka pakati penipeni pa mkanganowo, mpaka asisitere osamala nkhalamba adakafika ku khoti lalikulu la dzikolo. Paja akuluakulu adati chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Gwero la mkangano

Ku America chithandizo cha kuchipatala si chaulere monga m'zipatala za boma za kwathu kuno. Munthu amalipira, ndipo mitengo yake ndi yokwera moti kugonekedwa masiku owerengeka kungathe kumeza ndalama zimene banja lasunga pa zaka zambiri. N'chifukwa chake anthu amadalira inshuwalansi: amasonkha ndalama mwezi ndi mwezi ku kampani, ndipo akadwala kampaniyo imalipira gawo lalikulu la bilu. Ambiri amapeza inshuwalansiyi kudzera kuntchito kwao. Kuyambira mu 1965 boma limathandiza okalamba a zaka 65 kupita m'tsogolo kudzera mu ndondomeko ya Medicare, ndiponso ena mwa osauka kudzera mu ndondomeko ya Medicaid. Pakati pake padatsala mpata waukulu, momwe mudagwera aganyu, antchito a m'makampani ang'onoang'ono ndi amene ntchito yawathera. Mu 2010 anthu pafupifupi 50 miliyoni adalibe inshuwalansi iliyonse. Chomvetsa chisoni koposa n'chakuti makampani adali ndi ufulu wokana munthu amene ali kale ndi matenda a shuga, khansa kapena a mtima, kapenanso kumutchulira mtengo woti sangaukwanitse. Wodwala ankakanidwa chifukwa chakuti ndi wodwala.

Pa 23 Malichi 2010 Pulezidenti Barack Obama adasayinira lamulo lotchedwa Affordable Care Act, limene anthu adalipatsa dzina loti Obamacare. Lamuloli lidaletsa makampani kukana anthu odwala kale, lidalola ana kukhalabe pa inshuwalansi ya makolo ao mpaka zaka 26, lidakonza zoti Medicaid ifikire osauka ochulukirapo, ndipo lidapatula ndalama zothandizira mabanja opeza mochepa kugula inshuwalansi. Poopa kuti anthu azidikira kaye kudwala asanalembetse, lidalamulanso kuti pafupifupi munthu aliyense akhale ndi inshuwalansi, apo ayi alipire chindapusa. Pofika mu 2016 chindapusacho chidali madola 695 pa munthu wamkulu aliyense, kapena 2.5 peresenti ya zopeza za banja pachaka, kutengera chimene chakula.

M'nyumba ya aphungu lamuloli lidadutsa ndi mavoti 219 kwa 212, popanda ngakhale voti imodzi ya chipani cha Republican. Lamulo lokhudza thupi la nzika iliyonse lidabadwa ngati katundu wa chipani chimodzi, ndipo chipani chinacho chidalumbira kuti chidzalifafaniza. Zambiri zimene zidatsatira zidachokera pamenepa.

Pamene otsutsa adanena zoona

Sitingakhale achilungamo titanena kuti onse otsutsa lamuloli adali anthu ouma mtima. Funso lao lalikulu lidali lomveka. Msonkho tonse timaudziwa, koma kodi boma lingakakamize munthu kugula malonda a kampani ya munthu mnzake? Ngati lero likukakamiza kugula inshuwalansi, n'chiyani chingaliletse mawa kukakamiza anthu kugula ndiwo zamasamba ponena kuti n'zopatsa thanzi? Funso la ndiwoli silidali nthabwala chabe, lidafunsidwa m'khoti momwe.

Dziko la America lili ndi zigawo 50, chilichonse ndi boma lakelake, ndipo 26 mwa zigawozi zidakasumira boma lalikulu la ku Washington. Pa 28 Juni 2012 khoti lalikulu, ndi majaji 5 kwa 4, lidasiya lamuloli lili chiimire. Komabe mkulu wa majaji, John Roberts, adanena kuti boma lilibe mphamvu yokakamiza munthu kulowa m'malonda amene sakuwafuna. Chimene chidapulumutsa chindapusa chija n'chakuti adachiwerengera ngati msonkho. Pa mbali ina khotilo lidadzudzula boma mosapita m'mbali. Lamuloli linkati chigawo chimene chakana kukuza Medicaid chingathe kulandidwa ndalama zonse za ndondomekoyi, ndi zakale zomwe. Majaji 7 mwa 9 adati kumeneko si kupempha koma kuopseza. Tionjezere kuti a Obama adalonjeza mobwerezabwereza kuti amene akukhutira ndi inshuwalansi yake sadzamulanda, koma kumapeto kwa 2013 anthu miyandamiyanda adalandira makalata othetsa inshuwalansi zao, ndipo mtsogoleriyo adachita kupepesa. Cholinga chabwino sichiyeretsa lonjezo labodza.

Mantha otere si achilendo kwa Mpingo. Mu 1931 Papa Pius XI, m'kalata yake ya Quadragesimo Anno, adaphunzitsa kuti ulamuliro wapamwamba usalande ntchito imene banja, mudzi kapena bungwe laling'ono lingaigwire bwino palokha. Ntchito ya wamkulu ndi kuchirikiza ang'ono, osati kuwameza. Mfundo imeneyi idayesedwa koopsa pa nkhani ya asisitere aja.

Mlandu wa asisitere osamala nkhalamba

Mu 2011 unduna wa zaumoyo wa dzikolo udatulutsa malamulo ofotokoza zimene inshuwalansi ya antchito iyenera kupereka kwaulere, ndipo zina mwa izo zidali mankhwala ndi njira zolerera, kuphatikizapo kutseketsa, zimene Mpingo wa Katolika umaphunzitsa kuti n'zosayenera. Undunawu udati mabungwe achipembedzo sadzakakamizidwa. Koma taonani m'mene udatanthauzira bungwe lachipembedzo. Lidayenera kukhala bungwe limene cholinga chake ndi kuphunzitsa chikhulupiriro, limene antchito ake ambiri ndi a chipembedzo chomwecho, ndiponso limene anthu ambiri amene likuwatumikira ndi a chipembedzo chomwecho.

Tiyeni tiime pang'ono pamenepa, chifukwa mtima wa nkhani uli pomwepa. Malinga ndi tanthauzo limeneli, tchalitchi cha parishi chidali chotetezedwa, koma chipatala cha Mpingo, sukulu ya Mpingo ndi nyumba yosamaliramo okalamba sizidali zachipembedzo mokwanira. Chifukwa chake? Chifukwa zimalandira aliyense osafunsa kumene amapemphera. Ndiye kuti bungwe likamatsata kwambiri chitsanzo cha Msamariya wachifundo uja, amene sadafunse mtundu wa munthu wovulalayo, m'pamenenso boma linkaliona ngati lachoka m'chipembedzo. Boma silidatseke tchalitchi, silidamange wansembe. Lidangodzipatsa mphamvu yonena pamene chikhulupiriro chimathera, ndipo lidati chimathera pakhomo la tchalitchi. Bungwe lokana kumvera lidayenera kulipira madola 100 pa tsiku pa wantchito aliyense wokhudzidwa.

Asisitere a chipani cha Little Sisters of the Poor, chimene adachiyambitsa Jeanne Jugan ku France mu 1839, ntchito yao ndi imodzi: kusamala nkhalamba zosauka mpaka tsiku lomwalira. Mu 2013 boma lidawapatsa njira ina, yoti asayine chikalata chokana, kenaka kampani ya inshuwalansi ipereke yokha mankhwalawo kwa antchito. Boma lidati potero asisitere asamba m'manja. Asisitere adati chikalatacho ndicho chidali kiyi wotsegulira chinthu chimene chikumbumtima chao chikuchikana, ndipo adakasuma chaka chomwecho. Mu Meyi 2016 khoti lalikulu lidabweza nkhaniyi kuti mbali ziwirizi zikamvane. Mu 2017 boma la Pulezidenti Donald Trump lidakuza chitetezo cha mabungwe achipembedzo, koma zigawo za Pennsylvania ndi New Jersey zidatsutsa chitetezocho m'khoti. Pa 8 Julayi 2020 majaji 7 kwa 2 adagamula mokomera asisitere. Mu Ogasiti 2025 khoti lina laling'ono ku Pennsylvania lidagwetsanso chitetezo chija. Zoonadi mlandu suola.

Tisabise kuti pakati pa antchito a mabungwewa pali amayi ambiri amene si Akatolika, amenenso ali ndi chikumbumtima chao, ndipo boma linkanena kuti likuteteza iwowo. Koma boma lolemera chotero silikadasowa njira yofikira amayiwo ndi dzanja lake lomwe. Lidasankha kubwereka dzanja la asisitere. Ndipo chimene chikutidetsa nkhawa n'chakuti chitetezo chao chakhala chikusintha malinga ndi amene ali pampando. Ufulu wa chikumbumtima umene umabwera ndi pulezidenti uyu n'kupita ndi pulezidenti winayo sunakhazikike, ndi mphatso chabe ya wolamula.

Pamene mau oti ufulu adasanduka chobisalira

Tikadalekera apa, mukadaganiza kuti Aepiskopi a ku America adali mbali imodzi ndi onse otsutsa lamuloli. Sizidali choncho. Kuyambira mu 1919 iwo akhala akupempha kuti antchito atetezedwe pa nthawi ya matenda, ndipo Papa John XXIII, m'kalata ya Pacem in Terris ya mu 1963, adatchula chithandizo cha mankhwala pakati pa maufulu a munthu aliyense. Pamene Aepiskopiwa, motsogozedwa ndi Kadinala Francis George, adakana kuvomereza lamuloli mu 2010, adapereka zifukwa zitatu: kuopa kuti ndalama za boma zingalipirire kuchotsa mimba, kuchepa kwa chitetezo cha chikumbumtima, ndiponso kusalidwa kwa obwera opanda zikalata zokhalira m'dzikomo, amene lamuloli lidawaletsa kugula inshuwalansi pa misika yatsopanoyo ngakhale ndi ndalama zao zomwe. Chifukwa chachitatuchi anthu ambiri amachiiwala. Pa ziwiri zoyamba Aepiskopi ankati dzanja la boma lapitirira malire. Pa chachitatu ankati lafupika.

Mumpingo momwemo mudalibe mau amodzi. Bungwe la zipatala za Katolika, Catholic Health Association, motsogozedwa ndi Sisitere Carol Keehan, lidachirikiza lamuloli poyera, ponena kuti silikulipirira kuchotsa mimba ndipo anthu amene ankafika m'zipatala zao matenda atakula sakadatha kudikira lamulo langwiro. Kusiyana kumeneku kudapweteka, ndipo sitikufuna kukuchepetsa. Idali nkhani ya khoswe wokhala pa mkhate: ukamenya mwamphamvu uswa mkhate, ukaleka khoswe apitiriza kuononga. Koma n'zofunika kudziwa kuti khoti litagamula mu 2012, Aepiskopi adanena poyera kuti sakugwirizana ndi ofuna kufafaniza lamulo lonse. Iwo ankafuna likonzedwe.

Otsutsa ena sadali otero. Mu Ogasiti 2009 Sarah Palin, amene adapikisanapo pa udindo wa wachiwiri kwa pulezidenti, adafalitsa zoti padzakhala timakomiti ta boma toweruza amene ayenera kukhala ndi moyo ndi amene ayenera kufa. M'lamulolo mudalibe chinthu chotero. Chimene chidalipo m'zokambirana chidali chakuti dokotala alipidwe akakhala pansi ndi wodwala wofuna kukamba za chisamaliro cha masiku ake otsiriza. Bodzalo lidaopseza okalamba ambiri, ndipo lidanyazitsa ngakhale madandaulo enieni.

Chigamulo chija chopatsa zigawo ufulu wokana kukuza Medicaid chidali chachilungamo pa malamulo, koma taonani amene adalipira mtengo wake. Boma lalikulu lidadzipereka kulipira ndalama zonse za kukuzako kuyambira mu 2014 mpaka 2016, ndipo pambuyo pake osachepera 90 peresenti. Ngakhale zidali tero, pofika kumapeto kwa 2023 zigawo 10 zidali zikukanabe, zina mwa izo Texas, Florida ndi Georgia. Ku Texas, m'chaka chimenecho, pafupifupi munthu mmodzi mwa anthu 6 alionse adalibe inshuwalansi, kuposa chigawo china chilichonse. Atsogoleri amene adakana chithandizocho m'dzina la ufulu adali ndi inshuwalansi zao. Amene adatsala panja adali otsuka mbale m'malesitilanti, omanga nyumba ndi osamala ana a eni ake. Mfundo ya Papa Pius XI imati wamng'ono asalandidwe ntchito imene angaigwire. Siinena kuti wamng'ono akakana kuigwira wodwala angofa.

Pofika mu 2016 chiwerengero cha opanda inshuwalansi chidatsika kufika pa 28 miliyoni. Chaka chotsatira, nyumba ya aphungu idavomereza bilu yofafaniza mbali zazikulu za lamuloli, ndipo pambuyo pake ofesi yowerengera chuma ya Nyumba ya Malamulo idachenjeza kuti anthu ena 23 miliyoni adzakhala opanda inshuwalansi pofika mu 2026. Aepiskopi omwe aja adadzudzula biluyo. Usiku wa pa 28 Julayi 2017 kuyesa komaliza kudalephera m'nyumba ya Senate ndi mavoti 51 kwa 49, pamene John McCain, amene adali atangopezeka ndi khansa ya mu ubongo, adaponya voti yotsutsana ndi chipani chake, pamodzi ndi Susan Collins ndi Lisa Murkowski.

Pali chinthu china chimene mbali zonse ziwiri sizidachiyembekeze. Mu Disembala 2017 chindapusa chokakamiza chija chidatsitsidwa kufika pa ziro, kuyambira mu 2019. Ambiri adalosera kuti lamulo lonse ligwa. Silidagwe. Boma litaonjezera ndalama zothandizira mu 2021, olembetsa pa misika ya inshuwalansi adapitirira 24 miliyoni mu 2025. Mbali imene idakwiyitsa anthu koposa, imenenso idadyera dziko zaka zambiri m'makhoti, sidali mzati wa nyumba monga ankanenera. Anthu sankasowa chikwapu, ankasowa mtengo woti angaukwanitse. Ndipo pa 4 Julayi 2025 a Trump adasayinira lamulo lodula ndalama za Medicaid, lolamulanso ambiri mwa olandira chithandizochi kupereka umboni woti agwira ntchito, aphunzira kapena atumikira maola 80 pamwezi. Ofesi yowerengera chuma ija idati anthu ena pafupifupi 10 miliyoni adzakhala opanda inshuwalansi pofika mu 2034. Amene ankadandaula kuti boma likulowerera m'moyo wa munthu sadaone vuto kuti boma lomwelo liziwerenga maola a wosauka.

Kwathu kuno

Mwina tsopano mwaona chifukwa chimene takutengerani kutali chonchi. Malamulo aakulu a dziko lathu, m'ndime 13, amapatsa boma udindo woyesetsa kupereka chisamaliro chokwanira cha zaumoyo, ndipo m'ndime 33 amateteza ufulu wa chikumbumtima ndi chipembedzo. Ndime ziwirizi zimakumana tsiku ndi tsiku m'zipatala za mipingo monga Nkhoma, Likuni, Mua, Ekwendeni, Embangweni, Malamulo, Mlambe ndi Nguludi. Zipatala za pansi pa bungwe la CHAM zimapereka pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a chithandizo chonse cha zaumoyo m'dziko muno, makamaka kumidzi, ndipo malipiro a antchito ake amachokera ku boma. Kuyambira mu 2006 maofesi a zaumoyo a m'maboma akhala akusayinirana mapangano ndi zina mwa zipatalazi kuti amayi oyembekezera ndi ana obadwa kumene azithandizidwa osalipira, boma n'kubweza ndalamazo pambuyo pake.

Mgwirizano umenewu wapulumutsa miyoyo yambiri ndipo tikuuyamikira. Koma tisaiwale kuti wolipira amakhala ndi mau. Tsiku limene lamulo kapena ndondomeko ina idzafune kuti chipatala cha mpingo, kapena namwino mmodzi, achite chimene chikumbumtima chikukana, chitetezo chao chidzakhala kuti chalembedwa pati? Ndi bwino funsoli liyankhidwe m'lamulo lokambiranidwa ndi onse nthawi ikadalipo, osati m'kalata ya ku unduna imene nduna yotsatira ingaing'ambe.

Funso linalo likutiloza ife eni ake. M'zipatala zathu anthu amalipira. Pali madera kumene chipatala cha mishoni ndicho chokhacho chapafupi, ndipo pali mayi amene amachilambalala ndi mwana wotentha thupi kumbuyo, kuyenda mtunda wina wautali, chifukwa alibe ndalama ya pawindo. Ndalama za mapangano aja zikachedwa kufika, monga zakhala zikuchitikira nthawi zina, amene amabwezedwa ndi iyeyo. Sitingateteze ufulu wa mabungwe athu mokweza mau n'kukhala chete pa za mayi ameneyu. Maganizo oyambitsa inshuwalansi ya dziko lonse, kapena kukuza mbali zolipiritsa m'zipatala za boma, amabwera nthawi ndi nthawi, ndipo adzabweranso. Akadzabwera, tisadzathamangire kuvomera chifukwa wanena ndi wa chipani chathu, kapena kukana chifukwa wanena ndi wa chipani china. Tidzafunse kuti wotsala panja ndani, wokakamizidwa ndani, ndipo akukakamizidwa kuchita chiyani.

Tikupempha miphakati yonse kuti iwerenge kalata ino pa misonkhano yao, ndipo makomiti a chilungamo ndi mtendere a m'maparishi akafufuze zinthu izi pa chipatala chimene chili pafupi nao. Kodi chili ndi pangano ndi ofesi ya zaumoyo ya boma? Ngati lilipo, likukhudza matenda ati, ndipo kodi anthu a m'midzi yozungulira akulidziwa? Kodi komiti ya anthu a m'dera yolangiza chipatalacho idakumana liti komaliza, ndipo amene akutiimirira m'komitimo ndani? Munthu akafika wopanda ndalama usiku, amatani naye? Zimene mwapeza muzilembe ndi kuzipereka kwa bambo mfumu wa parishi yanu, kuti zifike ku ofesi yathu ya dayosizi tisanakumane ndi akuluakulu a zaumoyo.